Masheya Achikasu a pa Chigayo cha Alamu

Alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu, sindinawakonde chiyambire tsiku lomwe anabwera kudzafunsira mbeta. Anali kalaliki ku Zomba, ndipo atamanga nyumba pamudzi pathu monga mkamwini, khasu sanaligwirepo. Loweruka ankafika atavala tayi, nkukhala pampando wa ndalema pakhonde, kumawerenga nyuzi ya sabata yatha uku amayi athu akuweruka kumunda thukuta lili kamukamu. Ine ndinali mphunzitsi pa pulayimale ina yaing'ono cha kumunsi kwa mtsinje wa Domasi. Ankandiitana kuti "aphunzitsi", koma liwulo ankalikoka mwa mtundu wina wake, moti omvera ankaseka.

Patapita zaka zingapo dziko litalandira ufulu, anasiya ntchito nkubwera ndi nzeru yatsopano. Nthawi imeneyo chigayo chinali kutali, ndipo amayi ambiri ankangodalira mtondo. Alamu anati akhazikitsa kampani yogula chigayo cha dizilo, chikhale pafupi ndi msika wa Songani, ndipo aliyense wofuna atha kugula gawo lake m'kampanimo. Magawowo ankawatchula kuti masheya. Sheya imodzi inali paundi imodzi, ndipo ukalipira ankakupatsa pepala lodindidwa bwino, lokhala ndi nambala.

Mapepalawo anali a mitundu iwiri. Oyera, olembedwa A pakona, anali a amuna asanu ndi awiri amene anayambitsa kampaniyo, alamu ali wapampando. Achikasu, olembedwa B, anali a wina aliyense.

Kusiyana kwake ndinakumva koyamba pakhonde la sitolo ina pa Songani, pomwe pankasokera mnzanga wina wachikulire, telala wachisilamu amene ankasoka mayunifolomu a ana a pasukulu pathu. Alamu anatipeza pomwepo, mapepala ali m'chikwama chachikopa.

"Achikasuwa ndiye abwino," anatero. "Chaka chilichonse phindu likapezeka, oyamba kudya ndinu. Sheleni imodzi pa pepala lililonse. Ife a mapepala oyera tizidikira, tizinyambita zotsala m'mbale."

Atelala sanasiye kupalasa makina awo. "Nanga zotsalazo zikachuluka kuposa zomwe zadyedwa?"

"Zimenezo ndi za Mulungu."

"Ndigulitseni loyera limodzi."

"Oyera anatha."

Atelala anadula ulusi ndi mano. "Ndalama yobereka sheleni yomweyomweyo chaka ndi chaka, mwini wake osafunsidwa kanthu, imeneyo ndi ngongole yovala jekete. Ine ayi."

Ndinaona ngati ndi makani a ukalamba chabe. Ndinagula mapepala khumi, ndalama zomwe tinkasunga ndi akazi anga kuti tidzagule kabati ndi bedi lachitsulo. Achemwali anandipempha kuti ndisawachititse manyazi amuna awo, komanso ndinkaganiza kuti munthu amene amalandira choyamba sangaberedwe. Kuseri kwa pepala lililonse kunali Chingerezi cha zilembo zing'onozing'ono. Ndinawerenga mizere itatu yoyamba, yonena za sheleni ija, nkulipinda. Ine amene ndinkakwapula ana chifukwa chodumpha mzere powerenga.

Choipa kwambiri nchakuti sindinagule ndekha. Alamu anandipatsa buku la malisiti, ndipo ndikaweruka kusukulu ndinkayenda m'midzi kuuza makolo a ana anga za chigayocho. Anthu ankati aphunzitsi akagula ndiye kuti nzabwino. Ena anagulitsa mpunga, ena nkhuku. Mayi wina wamasiye, amene ana ake awiri anali m'kalasi mwanga, anagulitsa mbuzi zake ziwiri nkugula mapepala atatu.

Chigayo chinafika, amayi nkuimba nthungululu. Chinkalira tsiku lililonse kupatula Lamulungu, ndipo mzere wa madengu ndi madebe unkafika kumsewu. Ena ankachokera ku Malosa, ena ankatsika kuphiri. Chaka chitatha tinalandira sheleni pa pepala, ndipo tinakondwa. Chaka chachiwiri, sheleni yomweyo. Koma m'chaka chachiwiricho nyumba zisanu ndi ziwiri zinafoleredwa malata, ndipo alamu anagula njinga yamoto yofiira, imene Lamulungu ankaiimika pomwe aliyense wolowa m'tchalitchi ankayenera kuilambalala.

Mayi wamasiye uja anandidikira pachipata cha sukulu nthawi ya buleki.

"Aphunzitsi, mbuzi zanga zija zikanakhala zitaswa kawiri pofika pano. Paja munati chiyani?"

"Ndinati muzilandira choyamba, mayi."

"Choyamba ndalandira, masheleni atatu pachaka. Chachiwiri chakwera padenga la alamu anu." Anandiyang'ana kuyambira kunsapato. "Kaya, ndinu pachibale. Mwina mumadyera limodzi."

Mawu amenewo ndi amene anandipititsa kumsonkhano wa pachaka nditakulunga nkhonya mumtima. Unachitikira pachisakasa cha kuseri kwa chigayo, injini itazimitsidwa. Asanu ndi awiri aja anakhala pamipando kuseri kwa tebulo loyalidwa nsalu, ife achikasu pazipika ndi pansi, ochuluka moti ena anaima padzuwa. Alamu anawerenga lipoti lalitali m'Chingerezi, nkulimasulira m'mawu ochepa. Kenaka anati agwirizana zogula lole yonyamula chimanga ndi nkhuni kupita ku Zomba, choncho sheleni yathu mwina ichedwerako.

Ndinaimirira. "Awapampando, lole imeneyi tagwirizana liti?"

"Tagwirizana ife. Khalani pansi, alamu."

"Ndalama zambiri m'chigayo muno ndi za achikasu. Tiwerenge manja, tione amene akufuna lole."

Anthu anang'ung'udza movomereza. Alamu sanakwiye. Anavula magalasi, nkuwapukuta ndi nsonga ya tayi.

"Pepala lanu mwabwera nalo, aphunzitsi? Litembenuzeni. Poti ndinu odziwa Chingerezi kuposa tonsefe, tiwerengereni ndime yachinayi mokweza."

Ndinawerenga. Mawu anayamba kuchepa ndisanafike kumapeto.

"Tsopano amasulireni anthuwa. Ndinu munawagulitsa."

Ndinamasulira ndi pakamwa panga, pamaso pa makolo a ana anga: kuti mwini pepala la B atha kubwera kumsonkhano, koma alibe voti pa nkhani iliyonse ya kampani.

"Mwamva," alamu anatero. "Pepala lachikasu lili ndi mimba, koma pakamwa poyankhulira palibe. Mwaitanidwa kudzamva."

Palibe amene anaseka. Kukanakhala kuseka bwenzi zili bwino. Anthu anangotembenuka nkundiyang'ana ine, osati alamu. Pobwerera ndinayenda ndekha, ndikukankha njinga yanga.

Kuyambira tsiku limenelo ndinalibe ntchito ina m'mutu. Ndinkafuna buku lonse la malamulo a kampaniyo, koma alamu anati limakhala mu ofesi ndipo si la achikasu. Ndinalipeza kwa mmodzi mwa asanu ndi awiri aja, mkulu wina amene anamenyako nkhondo ya azungu. Iyeyo sankatha kuwerenga, ndipo anali atakhumudwa chifukwa alamu anakana kulemba mphwake ntchito pachigayo. Anandibwereka bukulo litakulungidwa m'nsanza, osafunsa chomwe ndikufuna kuchita nalo. Ndinalikopera lonse m'kope la sukulu, Loweruka katatu, liwu ndi liwu.

Cha kumapeto ndinapeza ndime imene ndinaiwerenga kasanu. Inkati ngati eni mapepala a B atha zaka ziwiri zathunthu osalandira sheleni yawo, pepala lililonse lachikasu lidzakhala ndi voti imodzi mofanana ndi loyera, kufikira zonse zitalipidwa. Achikasu tinali ochuluka kutalitali. Tikanatha kuchotsa wapampando tsiku limodzi.

Ndinathamangira kwa atelala. Anamvetsera mpaka kumapeto, nkunena kuti, "Mwatchera bwino. Koma wotchera mbewa sacheza pafupi ndi una."

Lole inabwera, yakale, yotsokomola utsi wakuda, ndipo inkadya ndalama kuposa zomwe inkabweretsa. Chaka choyamba chinatha osalandira kanthu. Ndalama za dziko zinasintha, paundi imodzi nkukhala makwacha awiri, sheleni yathu nkukhala matambala khumi, koma ngakhale amenewo sanaoneke. Anthu ankandinena poyera. Kumaliro ndikakhala pansi, ena ankasendera kutali. Bambo wina anachotsa mwana wake m'kalasi mwanga. Zonsezo ndinkazimeza, ndipo ndivomere kuti ndinkakondwa ndikamva kuti lole yafanso panjira. Ndikaiona itaima pambali pa msewu, dalaivala atagona pansi pake, ndinkapalasa njinga ndikuimba mluzu. Miyezi yomaliza ndinayambanso kuyenda m'midzi, kuuza achikasu kuti msonkhano ukubwerawo aliyense adzabwere ndi pepala lake. Chifukwa chake sindinkanena.

Amene anawononga zonse ndine ndemwe. Amayi athu anadwala, ndipo masana ena tinakumana ndi achemwali pakhonde pawo, tikuwathandiza kusenda mtedza. Kenaka achemwali anayamba.

"Achimwene, bambo a kwathu akuti mukuyenda m'midzi ngati galu wosowa kwawo, kuwaipitsira mbiri."

"Mukawauze kuti akhale pampandopo bwinobwino. Kwatsala masabata atatu."

"Masabata atatu a chiyani? Paja munauzidwa kuti mulibe mawu."

Ndikanangokhala chete. Koma zaka ziwiri ndinali nditasunga chinthucho pakhosi, ndipo kuseka kwawo kunali kofanana ndi kwa amuna awo. Ndinawauza zonse, mpaka nambala ya ndime.

Anasiya kusenda. "Ndiye mukawachotsa, ana anga adya chiyani?"

"Adye malata."

Amayi anatsokomola m'nyumba. Achemwali anaimirira, nkukutumula makoko pachitenje, nkumapita osatsanzika.

Sabata yotsatira njinga yamoto ija inagulitsidwa. Ndinamvanso kuti alamu akongola ndalama kwa wamalonda wina wa ku Zomba. Anayenda wapansi khomo ndi khomo, ndi mboni, kulipira wachikasu aliyense za zaka zonse ziwiri. Ine ndinali womaliza. Anafika kusukulu nthawi ya masamu, nsapato zili fumbi lokhalokha, nkulowa m'kalasi osaodira. Ana anaimirira. Anamasula kansalu patebulo langa nkukhuthula makwacha anga awiri, onse a tambala imodziimodzi. Zina zinagubudukira pansi pa mabenchi.

"Werengani, aphunzitsi. Poti ndi nthawi ya masamu. Mukatha musainire apa."

Ndinatola zapansizo ndekha, ndikugwada. Ndinaziunjika khumikhumi, ana ali zii, iwo ataima pambali panga akupuma mwa phuma chifukwa cha mtunda. Zinakwana mazana awiri. Ndinasaina. Potuluka anatembenuka pakhomo nkunena motsitsa, kuti ndimve ndekha, "Njinga yanga ija mudzailipira."

Kumsonkhano ndinapitabe. Achikasu anabwera ochepa, ndipo ena mwa iwo anaimirira kuthokoza alamu chifukwa chokumbukira amphawi. Nditakumana ndi mayi wamasiye uja panja, ndinayesa kumufotokozera chimene tataya, kuti tikanadikira masiku ochepa chigayo chikanakhala m'manja mwathu.

"M'manja mwa yani?" anafunsa. "Ife timafuna ndalama zathu, aphunzitsi. Za mipando ndi za inu ndi alamu anu."

Ndinafuna kungotulukamo. Ndinapita ku ofesi ya chigayo kukagulitsa mapepala anga, koma malamulo omwe aja ankati pepala siligulitsidwa popanda chilolezo cha asanu ndi awiriwo. Alamu anati atha kundigula pa theka la mtengo, mwa chifundo. Ndinawabweza m'thumba. Nditafika kunyumba ndinalamula kuti chimanga cha pakhomo panga chisadzapondenso pachigayo chimenecho.

Lamulolo linagwera akazi anga. Iwo sanagule pepala, sanakangane ndi munthu, koma ndi amene anabwerera kumtondo, anzawo onse akupita kuchigayo. Manja anachita matuza, kenaka zikang'a.

"Bambo, nkhondo ndi yanu, koma msana ndi wanga," anandiuza tsiku lina.

"Ufa wa pamtondo ndi umene tinakulira."

Anapitiriza kusinja. Patapita miyezi ndinayamba kuona kuti ufa wasalala mwachilendo. Ndinadziwa kuti akupatsira dengu mnansi wathu kuti akagayitse kuchigayo ine ndikapita kusukulu. Sindinafunse, iwonso sananene, ndipo tinakhala choncho, mtondo ukumveka pang'ono madzulo kuti ndiumve.

Chigayo sichinathe chifukwa cha ine. Lole ija inathyoka chitsulo cha mawilo akumbuyo itasenza nkhuni, ndipo sinadzukenso. Ngongole ya dizilo inakula. Injini nayo inafa, chitsulo chofunika chinasowa, ndipo miyezi itatu pachigayo panali zii, mbuzi zikugona pakhonde. Pomaliza asanu ndi awiri aja anavota kuti zonse zigulitsidwe. Ife achikasu tinangomva.

Apa mpamene pepala lachikasu linaonetsa mbali yake ina. Ngongole zitabwezedwa, malamulo ankati zotsala ziyambe zabwezera eni mapepala a B ndalama zawo zonse, oyera adzagawane za pambuyo. Ena mwa asanu ndi awiriwo anafuna kuti ndimeyo iiwalike, koma msilikali wakale uja anati akaitchula kwa aliyense, ndipo kope langa linalipo. Za pambuyozo zinali zosakwana nkugula thumba la mchere.

Tsiku lolandira tinafola mzere pomwe kale pankafola madengu. Alamu anakhala patebulo lopanda nsalu, tayi ali nayobe, koma kolala ya malaya itatha m'mphepete. Anali ataonda. Nthawi yanga itakwana ndinaika mapepala khumi patebulo. Anawawerenga, nkundipatsa makwacha makumi awiri, osadzutsa mutu.

"Mwakhuta?" anafunsa.

"Ndalandira zanga."

"Chigayo chinalipo chifukwa cha ine. Inu munangodziwa kuwerenga kuseri kwa mapepala."

"Kuwerengako munandiphunzitsa ndinu, alamu."

Wa pambuyo panga anandikankha pang'ono, ndipo ndinachoka. Ndinkayembekeza kuti ndimva kukoma, koma chimene ndinkaganiza panjira chinali chakuti makwacha amenewo sakanagulanso kabati ndi bedi, mitengo inali itakwera. Mayi wamasiye uja anagula mbuzi imodzi. Wamalonda wa ku Zomba amene anakongoza alamu anatuma anthu kudzazula malata a nyumba yawo, ndipo achemwali anayambanso kumweta udzu.

Mvula itatsala pang'ono kugwa, achemwali anabwera kunyumba kwanga. Chichokereni tsiku la mtedza lija anali asanapondepo. Akazi anga anawayalira mphasa pakhonde nkupita kukateleka tiyi. Ine ndinali patebulo m'kati, ndikuchonga makope, ndipo ndinkawaona bwinobwino pazenera. Ndinachonga mulu wonse, mpaka kope lomaliza, kenaka nkutuluka.

Tinapatsana moni ngati anthu okumana pabasi. Kenaka ananena kuti mwana wawo woyamba, wamkazi, wasankhidwa kupita kusekondale, koma fizi palibe.

"Ndinu amalume ake," anatero.

"Akutumani ndi alamu?"

"Sakudziwa kuti ndabwera."

"Akadziwa?"

"Akadziwa ndidzanena kuti ndagulitsa mpunga."

Ndinawafunsa kuti fizi ndi zingati, ngakhale ndinkadziwa. Ndinawafunsanso za yunifolomu ndi bulangete, chimodzichimodzi, kuti atchule chilichonse ndi pakamwa pawo. Anayankha zonse mosakweza mawu. Ndinalowa m'nyumba nkutenga ndalamazo. Anazilandira ndi manja awiri monga mwa mwambo, nkuzimanga pansonga ya chitenje.

Akazi anga anafika ndi tiyi ndi chinangwa chophika. "Alamu, imwani kaye," anauza achemwali.

"Zikomo, ndadya kale," anatero achemwali, ngakhale milomo inali youma. Anaimirira nkulunjika kumsewu.

Mwanayo ndinamulipirira mpaka anamaliza, teremu iliyonse ndalama zikudzera kwa akazi anga. Alamu kaya anadziwa kaya sanadziwe, sanatchulepo. Anabwerera ku ukalaliki, pa sitolo ina ya ku Zomba, ndipo anakhala ndi moyo mpaka kukalamba. Tinkakumana kumaliro ndi kutchalitchi, iwo mbali iyi ine mbali iyo. Patangotha chaka chigayo chija chitagulitsidwa, akuluakulu a zamaphunziro anandisamutsira kusukulu ina yakutali ndi chigwa chathu, ndipo sindinachite apilo.